Chitini cha Amayi Luwiza Mateyo

Amene mumabwera ku Misa yoyamba mwachiona kale chitini chakale cha mkaka wa ufa chimene chili pakhomo la tchalitchi, kumanzere kwa madzi odalitsidwa, chobooledwa pa chivindikiro. Si cha zopereka ayi. Eni ake, Amayi Luwiza Mateyo, tinawaika m'manda Lachiwiri pa 9 Epulo 2024. Pamaliropo panayankhula anthu asanu ndi awiri, ndipo onsewo anati malemu anali munthu wofatsa. Tisanamizane, abale. Amayi Luwiza sanali ofatsa. Anali munthu wosakhazikika, wodya ataimirira, wopemphera kolona akuyenda, munthu woti ukamupatsa mpando amakhala kunsonga ngati pali moto. Ndipo mwa oyankhula onse aja palibe amene anatchula chimene chinkawayendetsa chotero. Nkhani yake ndi ino. Eni ake analola kuti idzanenedwe, ndipo Amayi Esitele, amene imawakhudza koposa aliyense, avomera kuti ilembedwe popanda kudzola mafuta.

Anabadwira ku Phalombe m'chaka cha 1958. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, lole ya ku esiteti inabwera kudzatenga matenanti, ndipo bambo awo, a Mateyo, anakweza banja lonse pamodzi ndi mphasa ziwiri ndi khasu, ulendo wa ku Mchinji. Anawatsitsira ku esiteti ina ya fodya cha ku Mlonyeni. Luwiza anali atafika Sitandade 4, ndipo sukulu yake inathera pa lole pomwepo. Pa zaka zisanu ndi zinayi banjalo linasamuka maesiteti anayi. Mtsikanayo ankawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: matumba a fetereza, zitini za mankhwala opopera fodya, buku la nyimbo lothothoka masamba. Tsiku lina ataperekeza mayi ake ku chipatala, anaona mzimayi wa pa windo la mankhwala akulemba pa timaenvelopu, anthu ali pa mzere kumumvetsera ngati akumva ulaliki. Pobwerera anauza bambo ake kuti akufuna ntchito imeneyo.

"Mwana wa tenanti amaphunzira kusoka fodya," anatero bambo akewo. "Tenga chingwe."

Sanali munthu woipa, a Mateyo. Ankangonena zimene ankaziona. Koma tidzifunse kuti ndi ana angati a mitu yakuthwa amene anathera m'zigafa za m'boma lino, manja ali bii ndi phula la fodya, pamene ana a eni fodyayo ankanyamula mabuku.

Chimene esiteti inalephera kumulanda chinali chikhulupiriro. Lamulungu lililonse ankayenda maola atatu wapansi kupita ku Misa, ndipo analandira Ulimbitso ku Ludzi atavala diresi lobwereka. Mayi ake anamuphunzitsa lamulo limodzi: chimene uli nacho, gawira mnzako. Mchere, moto, singano, sopo. Ndi mapiritsi omwe.

Pano pakufunika kufotokoza, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Ku esiteti chipatala chinali kutali, ndipo munthu akapeza mwayi wolandira mankhwala sankawamaliza. Akangomva kuti thupi lapepuka, otsalawo ankawamanga pa nsonga ya chitenje, kusungira tsiku loipa, lake kapena la mnzake. Amayi a chikhristu ankachita zimenezi ngati ntchito ya chifundo. Kukaona wodwala chimanjamanja uli ndi mapiritsi pa chitenje linali tchimo loti ukalape. Palibe ankaona cholakwika, ndipo Luwiza ndiye anali patsogolo pa chifundo chimenechi.

Mu 1977 anakwatiwa ndi a Vitus, tenanti mnzawo. Anatenga pakati kawiri, konse kunapita padera, ndipo mphatso ya ana inathera pomwepo. Pa khomo loyandikana ndi lawo pankakhala Esitele, mtsikana wa ku Mulanje, nayenso mkazi wa tenanti. Awiriwa ankaitanana kuti achemwali, ankasokera fodya pa mkeka umodzi. Esitele atabereka mwana wamwamuna, Mphatso, anthu anayamba kumuitana kuti amake Mphatso, koma mwanayo ankakhala kumbuyo kwa Luwiza nthawi yambiri kuposa kwa mayi wake. Anthu ankamuseka Luwiza kuti wabereka osamva ululu.

Mu Febuluwale 1985, fodya atapsa m'munda, Mphatso anatentha thupi. Anali ndi zaka zitatu. Esitele anathamangira kwa kapitawo kukapempha kuti apite naye ku chipatala, mtunda wa tsiku lathunthu kupita ndi kubwera.

"Aliyense akati mwana watentha ndimumasule, fodyayu athyola ndani?" anatero kapitawoyo. "Mupita Loweruka."

Linali Lachitatu m'mawa. Luwiza anamukhudza mwanayo pa chipumi n'kuchotsa dzanja msanga. Kenako anamasula nsonga ya chitenje. Munali mapiritsi anayi oyera a klorokwini, mankhwala a malungo a masiku amenewo, otsala pa amene analandira iye mwini mwezi wapitawo.

"Onse anayi, achemwali?" anafunsa Esitele.

"Mwanayu watentha kwambiri, limodzi silingamve kanthu. Ine anandiuza kuti ndimwe anayi tsiku loyamba, ndipo ndinadzuka."

Anawaphwanya pa supuni, anathira timadzi ndi tishuga chifukwa cha kuwawa, anachita chizindikiro cha mtanda n'kunena Tikuoneni Maria. Mwanayo anameza akulira, kenako anagona. Azimayi awiriwo anayang'anana n'kumwetulira kuti mankhwala agwira. Dzuwa lisanapendeke Mphatso anayamba kukomoka, ndipo amuna asanaweruke kumunda anali atapita.

Aliyense anati ndi malungo aakulu. Malungo ankapha ana motero chaka chilichonse, ndiye wokayikira akanakhala ndani? Kumanda Esitele anagwira dzanja la mnzake n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Munayesetsa, achemwali. Mulungu akudalitseni." Luwiza naye anakhulupirira kuti anayesetsa.

A Vitus anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1989. Mkazi wopanda mwamuna analibe malo pa esiteti, choncho Amayi Luwiza anasamukira kuno kwathu, n'kupeza ntchito yosesa ndi kukolopa pa kachipatala ka mishoni, kufupi ndi msewu wopita ku boda. Patapita chaka a Esitele ndi amuna awo anawatsatira, n'kupeza malo olima chapafupi. Ubwenzi unapitirira pamene unalekezera.

Tsiku lina mu 1992 ankakolopa pafupi ndi windo la mankhwala, windo ngati lomwe lija ankalilota ali mtsikana. Sisitere wopereka mankhwala ankachenjeza bambo wina mokweza mawu, chifukwa bamboyo anali wovuta kumva.

"Awa ndi anu, a munthu wamkulu. Mwamva? Musakayerekeze kugawirako mwana. Klorokwini ameneyu, mwana wamng'ono mukamupatsa ngakhale awiri okha, mukhoza kumuika m'manda lero lomwe."

Chokolopera chinaima. Madzi a m'ndowa anatayikira pa mapazi awo koma sanawamve. Awiri okha. Iwo anaphwanya anayi.

Loweruka lomwelo anakagwada pa malo olapira. Wansembe anamvetsera, n'kuwauza zoona: kuti sanadziwe, kuti cholinga chawo chinali chopulumutsa, kuti Mulungu amaona mtima, apite ndi mtendere. Anatuluka, koma mtendere sunatuluke nawo. Patapita zaka ankanena okha kuti, "Abambo anandimasula, koma miyendo yanga sinamve."

Ndipo sinamvedi. Anapempha chitini chopanda kanthu ku khitchini ya asisitere, anachiboola pamwamba, n'kuyamba kuyenda. Akaweruka ku ntchito, khomo ndi khomo. Lamulungu masana, ku msonkhano wa mphakati, kumene akhristu a dera limodzi timakumana kupemphera ndi kukambirana za odwala. Tsiku lopuma, ku maesiteti, wapansi, dzuwa kapena mvula. Uthenga wawo unali umodzi: mankhwala ako umalize; ukalephera, otsalawo ponya muno, akawonongedwe ku chipatala; wodwala mnzako umuperekeze kwa adokotala, usamugawire.

Mmene anawalandirira akhristu anzawo ndi zochititsa manyazi, ndipo ena amene anaseka akuwerenga pepala lino. "Wafika dokotala wa tsache!" ankatero achinyamata. Azimayi ankabisa nsonga za zitenje akangowaona. Kunamveka mphekesera yoti mapiritsiwo amakawagulitsa pa boda kwa madalaivala a mathiraki, pamene zoona zake n'zakuti pa bodapo ankapita kukakangana ndi anyamata oyala makapusozi padzuwa ngati tomato, mpaka tsiku lina anyamatawo anawathira fumbi kumaso. A Lameki, amene anali wapampando wa mphakati wawo, anawaimitsa pakati pa mawu pamaso pa anthu.

"Mayi, mwaphunzira kuti za mankhwala? Pepala muli nalo?"

"Ndilibe, bambo."

"Ndiye khalani pansi. Ife tikuchita chifundo, inu mukufuna tizingoyang'ana mnzathu akubuula?"

Sanakhale pansi. Yankho anali nalo, lokwana kutseka pakamwa pa aliyense, koma a Esitele anali pa mkeka womwewo, akuwamwetulira mowalimbitsa mtima. Katatu konse ananyamuka kupita kwa mnzawoyo kuti akaulule, ndipo katatu konse anabwerako atangokamba za mbewu ya nyemba. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu chitinicho chinkabwerera chopepuka, mukulira timapiritsi tiwiri titatu.

Amayi Luwiza anagwira mawu a Lameki aja. Ngati anthu akufuna pepala, pepalalo libwera. Mu 1993 a Esitele anabereka mwana wawo womaliza, Tadala, ndipo anapempha Amayi Luwiza kuti akhale mayi wake wa ubatizo. Mwanayo anaphunzira kuwerenga pa timapepala ta m'makatoni a mankhwala timene mayi wake wa ubatizo ankatola posesa. Ali Sitandade 3 ankadziwa kale kupeza tsiku limene mankhwala amathera mphamvu. Akajomba ku sukulu, amayi ake omubereka ankangodandaula, koma Amayi Luwiza ankamugwira dzanja mpaka pa khomo la kalasi. Mtedza wa m'munda mwawo sankaudya; unkapita ku sukulu ya Tadala. Mu 2012 dzina la mtsikanayo linatuluka kuti wasankhidwa kukaphunzira za mankhwala ku yunivesite ku Blantyre. Mudzi wonse unaimba nthungululu. Amayi Luwiza anangolowa m'tchalitchi, n'kuzungulira Njira ya Mtanda kawiri.

Pa tchuthi cha chaka chake chachitatu, Tadala anawapeza pa khonde akusenda mtedza, n'kukhala nawo.

"Tandiuze, kumeneko amakuphunzitsani kuwerenga mapiritsi basi?"

"Ayi, amayi, zimenezo ngakhale inu mumatha," anaseka Tadala. "Pali phunziro lina, famakoloje. Timaphunzira zimene mankhwala amachita akalowa m'thupi, ndi zimene thupi limachita nawo. Amadutsa kuti, chiwindi chimawaphwanya bwanji, impso zimawataya liti. N'chifukwa chake muyezo wa mwana si wa wamkulu. Timayamba tamuika pa sikelo."

"Ukamaliza udzakhala pa windo?"

"Mwina. Koma njira ndi zambiri. Ena amayang'anira nkhokwe ya mankhwala m'zipatala, ena amalowa ku mafakitale opanga mankhwala, ena kafukufuku, kufufuza chifukwa chake mankhwala ena a malungo anasiya kugwira. Ena amakhala oyendera, kugwira mankhwala achinyengo m'mashopu ndi m'maboda ngati pathu pano. Ena amaphunzitsa. Anzanga ambiri akufuna makampani a ku Lilongwe, kuli galimoto."

"Galimoto," anatero Amayi Luwiza. Manja awo anasiya kusenda. "Ndikufunse za m'kalasi. Mwana wa zaka zitatu, wowonda pang'ono. Klorokwini wa akulu uja wakale. Mapiritsi anayi nthawi imodzi."

Tadala anayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda. "Makilo khumi ndi awiri, tinene. Iii, ayi. Mtima umasokonekera, kenako umaima. Maola awiri, atatu."

"Nanga akanapanda kumwa?"

"Malungowo mwina akanamupha, mwina ayi. Koma ndi anayiwo, n'zovuta kuti apulumuke ali kumudzi. Ndani ameneyo?"

"Mwana wina wa ku esiteti. Kalekale."

Anaimirira, anatenga chitini, n'kutuluka, mtedza uli mbwee pa mkeka. Tadala ankadziwa kuti anali ndi mchimwene wake amene anamwalira ndi malungo iye asanabadwe. Sanaganize zolumikiza ziwirizo.

Mu Novembala 2017, Tadala atalandira digiri, Amayi Luwiza anamutengera ku msonkhano wa mphakati, womwe unachitikira pansi pa mtengo wa mango kwa a Lameki. Anamukakamiza kuvala chovala choyera cha ku ntchito ngakhale kunkatentha. Pepala lija linali litafika. Tadala anayankhula pafupifupi ola lathunthu, momveka bwino, za muyezo, za sikelo, za tizilombo timene timazolowera mankhwala osamalizidwa. Anthu anaomba m'manja. A Lameki anati mwanayu watichotsa manyazi. Anatseka ndi pemphero.

Anthu akupinda mikeka, Amayi Luwiza anaona Amayi Consolata, msungichuma wa gulu la mapemphero la Legio, munthu wabwino mtima ngati iwo omwe, akukokera pambali mtsikana wina wobereka khanda lotsokomola. Amayi Consolatawo anamasula nsonga ya chitenje chawo.

"Amayi Consolata, simunamve zimene wanena mwanayu?"

"Ndamva, ndipo waphunziradi. Koma taonani khandali. Ku chipatala akamuuza kuti mankhwala atha, akagule. Agula ndi chiyani? Ine ndili nawo pano, anandithandiza ine. Ndimumane?"

Funsolo si lopusa, ndipo amene amasiya mashelefu a zipatala ali mbee adzaliyankha pamaso pa Mulungu. Koma Amayi Luwiza sankaona shelefu. Ankaona mapiritsi oyera ali m'dzanja, ndi khanda lotentha thupi. Zaka zonse zoyenda, mtedza wonse uja, digiri, chovala choyera, zonse zinali zitalephera kumasula mfundo imodzi ya chitenje. Chinatsala chinali chimodzi chokha.

"Amake Mphatso!"

Dzina limenelo linali lisanamveke kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Aliyense ankawadziwa a Esitele kuti amake Tadala. Anatembenuka pang'onopang'ono, mkeka uli m'manja.

"Amake Mphatso, mwana wanu sanafe ndi malungo okha. Ndinamupatsa mapiritsi anga anayi. Anali a munthu wamkulu. Ndinadziwa mu 1992, ndipo ndinakhala chete. Amayi Consolata, ine ndinali ngati inu, ndinapemphera Tikuoneni Maria ndikuphwanya pa supuni. Mwanayo sanafike madzulo."

Khanda lija lokha ndi limene linkatsokomola.

"Ndinakuthokozani kumanda," anatero a Esitele, mawu ali pansipansi. "Pamaso pa anthu ndinakuthokozani. Mwadya m'mbale yanga zaka zonsezi mukudziwa. Ndinakupatsani Tadala pa ubatizo." Kenako mawu anakwera. "Ndiye mwana wangayu munkamuphunzitsa kuti akhale sopo wochapira mlandu wanu? Ndipo mwasankha kundiuza pano, pa gulu, ngati chilengezo cha kwaya?"

Tadala anali atavula chovala choyera chija, atachipinda m'manja. "Mwana wa makilo khumi ndi awiri uja, amayi. Munandiwerengetsa imfa ya achimwene anga tikusenda mtedza?"

"Eya, mwanawe."

A Esitele anachoka osatsanzika. Tadala anakwera basi ya ku Lilongwe m'mawa mwake, n'kukalowa ntchito pa kampani ina yogulitsa mankhwala, ya galimoto ija.

Tinene mwachilungamo: a Esitele sanalakwe kukwiya. Nkhani yotere munthu amayenera kuimva m'nyumba, chitseko chili chotseka, ndipo anayenera kuimva zaka makumi awiri ndi zisanu m'mbuyomo. Amayi Luwiza sanadziikire kumbuyo pa zimenezi ngakhale kamodzi. Ankati, "Supuni ija Mulungu anandikhululukira msanga. Chimene ndinachedwa kulapa ndi kukhala chete."

Miyezi yotsatira inali yowawa. Anthu omwe aja ankawatcha dokotala wa tsache anapeza dzina lina loipa koposa, ndipo ena ankakoka ana awo akakumana nawo pa njira. M'tchalitchi a Esitele anasamukira mbali ina, kuti pa nthawi yopatsana mtendere manja awo asakumane. Amayi Luwiza sanawatsatire, sanatume munthu kukawapepesera. Anapitiriza kusesa, kulandira Ukaristia ali kumapeto kwa mzere, ndi kuyenda. Koma anayamba kumva chinthu chachilendo m'dzanja: chitini chinkalemera. Akachisiya pakhomo la tchalitchi n'kulowa, potuluka ankapeza muli timapepala topindapinda, timfundo ta nsalu todulidwa ndi lumo. Palibe ankafuna kuonedwa akuponya. Woyamba kuponya poyera anali Amayi Consolata, amene tsiku lija anamanganso chitenje chawo n'kuperekeza mtsikana uja ku chipatala pa kabaza.

Panapita chaka ndi miyezi iwiri. Loweruka lina m'mawa, Amayi Luwiza akusesa pabwalo la tchalitchi, anaona mapazi ataima kutsogolo kwa tsache. A Esitele sanapereke moni. Anamasula nsonga ya chitenje ndi mano, n'kuponya mapiritsi m'chitini limodzilimodzi mpaka asanu ndi awiri.

"Inu munaphwanya," anatero. "Koma pakamwa ndinamutsegula ndine. Ankakana, ndinamutsina mphuno. Chaka chonsechi ndimafuna kuti mukhale inu nokha, koma zikukanika."

"Achemwali..."

"Musandiyang'ane choncho, sindinati zatha."

"Sizidzatha."

"Ndiye bweretsani chitinicho. Mukupita ku esiteti lero? Inu mukayamba kuyankhula mumakhala ngati wailesi, anthu amangodikira kuti muzime. Mwanayo anali wanga, ndikanena ndine."

Kuyambira tsiku limenelo ankayenda awiri, wina chitini, wina ambulera, akukangana njira yonse za amene akuchedwetsa mnzake. Pa khomo lililonse a Esitele ankayamba ndi mawu omwewo: "Ine ndine amake Mphatso." Kumene pepala linalephera, dzinalo linkamasula mfundo.

Tadala anatenga nthawi yotalikirapo. Anasiya kuyankha foni ya mayi wake wa ubatizo kwa zaka ziwiri. Koma ntchito yoyenda m'mashopu kukopa anthu kuti aoode katundu inamutopetsa, ndipo mu 2020 anabwerera kuno, n'kuyamba kuyang'anira mankhwala pa chipatala china cha m'boma lino. Anafika pa khonde lija popanda chovala choyera.

"Sindinabwerere inu," anatero. "Ndabwerera mashelefu. Amayi Consolata ananena zoona, anthu sangasiye kugawana ngati pa windo palibe kanthu."

"Bwerera chilichonse, bola wabwera. Wadya?"

Amene amagwira ntchito ndi Tadala amadziwa mmene amalimbanirana ndi maoda ochedwa, ndiponso kuti salola mankhwala a mwana kutuluka pa windo mwanayo asanakwere sikelo.

Chakumapeto kwa 2023 Amayi Luwiza anapezeka ndi chotupa m'mimba, chitafalikira kale. Miyendo imene inayenda maesiteti onse a kuno inayamba kukana kufika ngakhale pa chitsime, komabe pa mphasa inkangosuntha, ngati ikufuna njira. A Esitele anasamukira m'nyumba mwawo kudzawasamalira. Tadala ankabweretsa mankhwala amphamvu oletsa ululu, n'kulemba maola ake pa khoma ndi choko. Tsiku lina a Lameki, atakalamba, anabwera kudzazonda, ndipo ataona mmene mankhwalawo ankagonetsera ululu anadandaula za msana wawo, n'kufunsa ngati sangawagawireko limodzi lokha. Wodwalayo anaseka mpaka kutsokomola.

"A Lameki, pepala muli nalo?"

Pa 7 Epulo, Lamulungu la Chifundo cha Mulungu, wansembe anabwera itatha Misa yachiwiri kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. Masana, chitseko chili chotsegula, wodwalayo anaitana mnzawo.

"Achemwali, mapiritsi atsala angati?"

A Esitele anakhuthulira m'dzanja. "Khumi ndi limodzi."

"Pamaliro pamabwera anthu ambiri a misana. Musalire musanawaponye."

"Gonani inu. Mukufuna kundilamula mpaka liti?"

Anayamba kolona, a Esitele akutsogolera, Tadala akuyankha. Pakati pa gawo lachitatu Tadala anaona kuti miyendo ija yasiya kusuntha. Inali itawongoka bwinobwino, ngati ya munthu amene wafika kumene amapita. A Esitele anawatseka maso. Azimayi amene anali pa khonde anadikira kuti amve kulira kuti nawo ayambe, koma chimene anamva choyamba chinali kulira kwa chitini, kakhumi ndi kamodzi. Kenako amake Mphatso analira.

Pa khoma la tchalitchi chathu pali mayina a amene anapereka malata ndi mabenchi, ndipo ndi bwino. Dzina la wosesa uyu palibe, ndipo mwina silidzakhalapo. Chimene anasiya ndi chitini chija. A Esitele amachinyamula Loweruka lililonse kupita nacho kwa Tadala kuti zam'katimo zikawonongedwe, ndipo akuti mawondo ayamba kuwavuta, akufuna wowathandiza kuyenda ku maesiteti. Musanalowe Misa ya mawa, gwirani nsonga ya chitenje chanu, pisani m'thumba la jekete, kumbukirani kabotolo kali pa windo kunyumba. Mwana wa mnzanu akatentha thupi, chifundo chanu chikhale miyendo: mubereke, mupite naye.

Ambuye, mtumiki wanu Luwiza sanakhale pansi zaka makumi atatu. Mpatseni mpando, ndipo ulendo uno akhale ndithu.